Kusinthana Nyumba Patchuthi: Kodi Mzinda wa Lyon ku France Ukuyenera Banja Lanu?

Mawu oyamba

Kabuku kano talembera mabanja amene akuganiza zopita kutchuthi ku France posinthana nyumba ndi banja la kumeneko. Ena a inu mumakhala ku Britain kapena ku South Africa, ena muli ndi nyumba ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Zomba kapena m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Tatenga mzinda wa Lyon monga chitsanzo chifukwa ndi wakale kwambiri komanso ndi waukulu, ndipo zokoma ndi zovuta za mizinda yakale ya ku France zimapezeka zonse mmenemo. Mafunso omwewa mungathe kuwagwiritsa ntchito poyesa mizinda ina monga Avignon, Rouen, Dijon kapena Strasbourg.

Mfundo yaikulu ndi iyi: zinthu zitatu ndi zimene zidzagamule ngati tchuthi chanu chikome, ndizo nyumba yeniyeniyo, dera limene nyumbayo ili, ndi mwezi umene mukupita. Dzina lotchuka la mzinda limabwera pambuyo pa zitatuzi.

Kusinthana nyumba n'kutani?

Mabanja awiri amagwirizana kuti aliyense akakhale m'nyumba ya mnzake kwa masiku angapo popanda kulipirana lendi. Mchitidwewu si wachilendo. Mabungwe a Intervac ndi HomeLink anayamba ntchitoyi m'chaka cha 1953, ndipo lero palinso ena monga HomeExchange amene amagwira ntchito pa intaneti. Mabungwewa amalipiritsa ndalama ya umembala pachaka. Kusinthanaku kulipo kwa mitundu itatu:

- Kusinthana nthawi imodzi: inu muli kwawo, iwo ali kwanu, masiku omwewo.
- Kusinthana nthawi zosiyana: iwo abwera chaka chino, inu mudzapita nthawi ina. Izi zimatheka bwino ngati wina ali ndi nyumba yachiwiri kapena ali ndi kokakhala.
- Kusinthana kwa mapointi: mukalandira alendo mumapeza mapointi, ndipo mumawagwiritsa ntchito kukakhala m'nyumba ya banja lina lililonse la m'bungwelo.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Simulipira hotelo, mumadziphikira nokha, ana amapeza malo, ndipo nyumba yanu sikhala yokha.

Chifukwa chiyani muyenera kuganiza mofatsa?

Ku hotelo chipinda chikapanda kukusangalatsani mumapita kwa wolandira alendo n'kupempha china. Posinthana nyumba zimenezo palibe. Eni ake ali kutali, mwinanso akugona pabedi panu, ndipo inu mwalipira kale matikiti a ndege. Mukalakwitsa posankha, mudzapirira mpaka tsiku lobwerera.

Chinanso, nyumba za m'kati mwa mizinda yakale zinamangidwa kusanabwere galimoto, chikepe kapena makina oziziritsira mpweya. Chimene chimakongola pachithunzi chimatha kukhala chimene chimatopetsa pokhalamo: masitepe okhotakhota, misewu yamiyala, mazenera oyang'ana khwalala la phokoso. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani zonse musanalonjeze.

Udziweni mzinda wa Lyon

Lyon ndi mzinda wachitatu kukula ku France, pambuyo pa Paris ndi Marseille. Uli pamene mitsinje iwiri, Rhône ndi Saône, imakumana. Aroma anaukhazikitsa m'chaka cha 43 Khristu asanabadwe ndipo ankautcha Lugdunum. Bungwe la UNESCO linaika mbali yakale ya mzindawu pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1998. Sitima yothamanga ya TGV imatenga pafupifupi maola awiri kuchokera ku Paris.

Mzindawu uli ndi mbiri imene imakhudzanso ambiri a ife. Akhristu oyambirira, kuphatikizapo Blandina, anaphedwa ku Lyon chifukwa cha chikhulupiriro chawo m'chaka cha 177. Pa phiri la Fourvière ndi pamene oyambitsa gulu la Marist anachita lonjezo lawo mu 1816, ndipo mmodzi mwa iwo, Marcellin Champagnat, anayambitsa chipani cha abulazala a Marist, amene ali ndi sukulu ku Malawi monga ya ku Mtendere m'boma la Dedza. Ku Lyon komweko Pauline Jaricot anayambitsa ntchito yosonkhera ndalama zothandizira mamishoni, imene inakhala bungwe mu 1822.

Madera amene nyumba zosinthana zimapezeka kwambiri ndi awa:

*Vieux Lyon.* Ili ndiye dera lakale, pakati pa mtsinje wa Saône ndi phiri la Fourvière. Nyumba zambiri ndi za m'zaka za m'ma 1400 mpaka 1600, ndipo boma linayamba kuteteza derali mu 1964. Muli tinjira todutsa m'kati mwa nyumba, totchedwa traboules, tolumikiza khwalala lina ndi linzake. Kuno kukongola kulipo kochuluka, koma alendo amadzaza msewu wa Saint-Jean usana ndi madzulo, nyumba zambiri zilibe chikepe, masitepe ndi amiyala ozungulira, ndipo zipinda zina n'zamdima.

*Croix-Rousse.* Ili ndi phiri la anthu owomba nsalu za silika, amene ankatchedwa canuts ndipo anaukira mabwana awo mu 1831 ndi 1834. Nyumba zawo anazimanga ndi denga lalitali, pafupifupi mamita anayi, kuti makina owombera nsalu akwanemo, ndipo mazenera ndi aakulu. Pamwamba pa phiri ndi pabwino kwa banja, pali msika waukulu wa ndiwo ndi zipatso. M'mbali mwa phiri ndi motsetsereka kwambiri, njira zambiri ndi masitepe okhaokha.

*Presqu'île.* Ndi dera la pakati pa mitsinje iwiri ija, pamene pali bwalo lalikulu la Bellecour, masitolo ndi malo odyera. Ndi lathyathyathya, loyendeka bwino, koma lili ndi phokoso usiku ndipo poimika galimoto n'povuta.

*Tsidya la kum'mawa kwa Rhône.* Kuno kuli madera monga Brotteaux, Part-Dieu, Guillotière ndi Monplaisir. Nyumba zambiri ndi zatsopano poyerekeza ndi za tsidya lija, zambiri zili ndi chikepe, ndipo nthaka ndi yathyathyathya. Kuli paki yaikulu ya Tête d'Or, yolowa ulere, yokhala ndi nyanja yaing'ono ndi malo osungirako nyama. Ku Guillotière kuli masitolo a zakudya za ku Africa ndi ku Asia komanso mabutchala a nyama ya halal. Ku Monplaisir ndi kumene abale awiri a Lumière anajambula kanema wawo woyamba mu 1895.

*Kunja kwa mzinda.* Kumeneku ndi kumene mungapeze nyumba yokhala ndi bwalo ndi dimba. Villeurbanne ndi wolumikizana ndi Lyon ndipo sitima ya pansi pa nthaka imafikako, koma midzi ya kutali imafuna galimoto.

Mayendedwe a m'mzinda ndi abwino. Pali njira zinayi za sitima ya pansi pa nthaka, zotchedwa A, B, C ndi D, pali ma tram, mabasi, ndi tisitima tiwiri tokokedwa ndi chingwe tokwera phiri kuchokera ku Vieux Lyon. Zonsezi zili pansi pa bungwe la mayendedwe la TCL ndipo tikiti yake ndi imodzi. Palinso njinga zobwereka zotchedwa Vélo'v.

Zoyenera kutsata musanavomere

*Choyamba: khalani pansi pabanja*

Lembani mayina a onse amene akupita ndipo muyankhe moona:

- Kodi pali wina amene amavutika kukwera masitepe, monga agogo, mayi woyembekezera kapena wodwala mawondo kapena mtima?
- Kodi pali mwana wakhanda woyenda pa kangolo?
- Kodi mukufuna kuona zakale ndi kuyenda pansi tsiku lonse, kapena mukufuna kupuma pamalo a phee?
- Kodi pali amene amalankhula Chifalansa, ngakhale pang'ono?
- Kodi mukufuna kukhala masiku angati?

Ngati chimene ana akulakalaka ndi kusambira m'nyanja, dziwani kuti Lyon ali kutali ndi nyanja yamchere. Ngati banja limakonda mbiri, matchalitchi, misika ndi zakudya, Lyon ali nazo zokwanira sabata imodzi kapena ziwiri. Mungathenso kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo pa sitima ku Vienne kukaona mabwinja a Aroma, ku mudzi wakale wa Pérouges, ku Annecy kumene kuli nyanja ya pakati pa mapiri, kapena ku Avignon.

*Chachiwiri: sankhani mwezi*

- Julayi ndi Ogasiti: sukulu za ku France zimakhala zotseka, choncho mabanja ambiri ofuna kusinthana amapezeka nthawi imeneyi. Koma Lyon amatentha zedi. Kutentha kumatha kupitirira madigiri 35, ndipo mu Ogasiti 2023 kunapitirira 40. Nyumba zambiri zilibe makina oziziritsira mpweya, ndipo fulati ya pamwamba penipeni, pansi pa denga, imasunga kutentha mpaka usiku. Mu Ogasiti masitolo ang'onoang'ono ndi malo ena odyera amatseka chifukwa eni ake apita kutchuthi.
- Meyi, Juni, Sepitembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala: nyengo ndi yabwino kuyenda pansi. Vuto n'lakuti ana ali pasukulu, kwanu ndi kwawo komwe. Miyezi imeneyi imayenera anthu opuma pantchito ndi amene ana awo anakula.
- Disembala mpaka Febuluwale: kumazizira, kumachita nkhungu, ndipo mu Disembala kumada cha m'ma 5 koloko madzulo. Chakumayambiriro kwa Disembala, pafupi ndi pa 8, kumachitika chikondwerero cha nyali chotchedwa Fête des Lumières, chimene chiyambi chake ndi cha mu 1852. Anthu amadzaza mzinda ndipo mahotelo amakwera mtengo, ndiye kupeza nyumba yosinthana nthawi imeneyi n'kwamwayi, koma muyenera kuyamba kufunafuna kudakali miyezi yambiri.

Amene muli ku Malawi kumbukirani kuti Julayi ndi Ogasiti ndi nyengo yozizira ndi yopanda mvula kwathu, imene alendo ochokera ku Ulaya amaikonda. Imeneyi ndi mfundo yoti muitchule pokambirana.

*Chachitatu: onani pamene nyumba ili*

Pemphani dzina la msewu ndipo muuyang'ane pa mapu a pa intaneti. Mawu akuti "Lyon" pa chilengezo amatha kutanthauza mudzi umene uli makilomita 30 kuchokera pakati pa mzinda. Lyon weniweni anagawidwa m'zigawo zisanu ndi zinayi, ndipo nambala ya positi ya zigawozi imayambira pa 69001 kulekeza 69009. Nambala ikakhala ina, nyumbayo ili kunja. Onani izi:

- mtunda wokafika pa siteshoni ya sitima kapena pokwerera basi, ndipo ngati njirayo ndi yokwera phiri;
- ngati pansi pa nyumba kapena moyang'anana nayo pali bala kapena malo odyera;
- pamene pali golosale, bekale, famase ndi msika;
- ngati pali paki kapena bwalo loti ana n'kuseweramo.

*Chachinayi: funsani za nyumbayo*

Lembani mafunso, ndipo mayankho akhalenso olembedwa. Ngati n'kotheka, imbiranani foni ya vidiyo kuti akuyendetseni m'nyumba monse, kuyambira pa khomo la kumsewu.

1. Fulatiyo ili pa nsanjika yachingati, ndipo chikepe chilipo? Mukaona mawu akuti sans ascenseur, ndiye kuti chikepe palibe. Pemphani kuti akuwerengereni masitepe. Ku Croix-Rousse nsanjika imodzi ndi yaitali kuposa za masiku onse.
2. Zipinda zogona zilipo zingati, ndipo zili ndi zitseko? M'nyumba za denga lalitali bedi lina limakhala pa kansanja kokwera ndi makwerero, kosayenera mwana wamng'ono kapena munthu wachikulire.
3. Zipinda zogona zayang'ana kumsewu kapena kubwalo la m'kati?
4. Nthawi yotentha amatani? Muli mafani? Mazenera ali ndi zotchinga dzuwa?
5. Nthawi yozizira nyumba imatenthetsedwa ndi chiyani, ndipo amayatsa bwanji?
6. Muli makina ochapira, firiji, mbaula, intaneti?
7. Pali ziweto kapena maluwa oti muzisamala?
8. Nyumbayo ndi yawo kapena ya lendi? Ngati ndi ya lendi, mwini wake akudziwa?
9. Ndani adzakupatseni makiyi, ndipo ndani amene mungamuimbire madzi akayamba kudontha?

*Chachisanu: yang'anani zimene inu mukupereka*

Kusinthana ndi kwa mbali ziwiri. Banja la ku Lyon lidzafunsanso za nyumba yanu, ndipo liyenera kumva zoona zokhazokha. Amene muli ku Britain tchulani mtunda wokafika ku siteshoni ndi ku tawuni yaikulu. Amene nyumba yanu ili ku Malawi fotokozani izi:

- mmene magetsi amazimira, ndi ngati muli ndi sola kapena jenereta, komanso kagulidwe ka mayunitsi;
- mmene madzi amabwerera, ndi ngati muli ndi thanki;
- za malungo: ikani maneti pabedi lililonse ndipo muwauze akaonane ndi dokotala wawo asananyamuke;
- chipatala chapafupi ndi mmene msewu wofika kwanu ulili;
- ngati pakhomo pali mlonda kapena wantchito, ntchito yake ndi yotani ndipo akumulipira ndani;
- kuti afufuze okha malamulo olowera m'dziko asanagule matikiti.

Mabanja a ku France ofuna kubwera ku Malawi alipo ochepa poyerekeza ndi ofuna kupita ku London kapena ku Cape Town. Chifukwa cha zimenezi, kusinthana kwa nthawi zosiyana kapena kwa mapointi kungakuthandizeni kuposa kudikira banja limodzi logwirizana nanu pa masiku omwewo.

*Chachisanu ndi chimodzi: konzani mapepala*

France ili m'gulu la mayiko a Schengen. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza, ngakhale atakhala kuti amakhala ku Britain. Amene ali ndi pasipoti ya Britain safunika viza pa ulendo wosapitirira masiku 90 m'kati mwa masiku 180. Tsamba la boma la France lotchedwa France-Visas limafotokoza kumene muyenera kukapereka mapepala malinga ndi dziko limene mukukhala. Dziwani izi:

- Mungapemphe viza kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo musachedwe mpaka kutsale masiku osakwana 15.
- Kuyambira mu Juni 2024 viza ya munthu wamkulu ndi mayuro 90, ya mwana wa zaka 6 mpaka 11 ndi mayuro 45.
- Pasipoti ikhale yoti inaperekedwa m'zaka khumi zapitazi, ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo ikhalebe ndi mphamvu kwa miyezi itatu kuchokera tsiku limene mudzatuluke.
- Mufunika inshuwalansi ya chipatala ya paulendo yofika mayuro 30,000.
- Mufunika umboni wa kumene mukagone. Mlendo wofikira pakhomo pa munthu ku France kawirikawiri amafunika chikalata chotchedwa attestation d'accueil, chimene mwini nyumba amakatenga yekha ku ofesi ya khonsolo ya kwawo, amalipira mayuro 30, n'kutumiza chikalata chenichenicho kwa mlendoyo. Funsani ku ofesi ya viza ngati akufuna chimenechi kapena kalata ya mgwirizano wanu, ndipo muwauze anzanuwo msanga.

Musauze banja linalo kuti ligule matikiti inu musanadziwe za viza yanu. Viza ikakanidwa, mavuto amagwera mabanja onse awiri.

*Chachisanu ndi chiwiri: werengerani ndalama zonse*

Chaulere ndi pogona pokha. Lembani papepala mtengo wa matikiti a ndege, viza, inshuwalansi, umembala wa bungwe, sitima, chakudya ndi zolipira polowa m'malo oonetsera zakale. Ikani padera ndalama yokwanira masiku angapo a hotelo, mwina anzanuwo angasinthe maganizo mochedwa.

Palibe ndege yochoka ku Malawi molunjika ku France. Mudzasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Mukatera pa bwalo la Charles de Gaulle ku Paris, pali TGV yochokera pabwalo pomwepo kupita ku siteshoni ya Lyon Part-Dieu. Ochokera ku London angakwere sitima ya Eurostar mpaka ku Gare du Nord ku Paris, n'kupita ku Gare de Lyon kukakwera TGV. Mukatera pa bwalo la Lyon-Saint Exupéry, sitima ya Rhônexpress imakufikitsani ku Part-Dieu pa mphindi pafupifupi 30. Matikiti a TGV amatsika mtengo mukagula kudakali nthawi.

*Chachisanu ndi chitatu: lembani mgwirizano*

Mgwirizanowo ukhale ndi masiku, mayina ndi chiwerengero cha anthu, kaperekedwe ka makiyi, wolipira magetsi ndi madzi, chochita chinthu chikasweka, ndi chochita wina akalephera kubwera. Aliyense adziwitse kampani yake ya inshuwalansi ya nyumba kuti mudzakhala alendo. Ngati mukusinthananso galimoto, pezani chilolezo cholembedwa cha kampani ya inshuwalansi ya galimotoyo.

Machenjezo

- Musatumize ndalama kwa munthu amene akuti ndi chikole cha nyumba kunja kwa bungwe limene mwalowa. Munthu wokana foni ya vidiyo kapena wokukakamizani kuti muchite msanga, musiyeni.
- Werengani ndemanga za mabanja amene anakhalapo m'nyumbayo.
- Ganizani kawiri za galimoto. Ku France amayendetsa kudzanja lamanja, misewu ya m'dera lakale ndi yopapatiza, ndipo Lyon ali ndi malamulo oletsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, choncho galimoto imafunika kachizindikiro ka Crit'Air. M'kati mwa mzinda galimoto siifunika.
- Mapulagi a mano atatu a ku Malawi ndi ku Britain salowa m'masoketi a ku France, amene ndi a mabowo awiri ozungulira. Gulani adaputala musananyamuke.
- Musanyamule nyama, mkaka kapena zopangidwa kuchokera ku zimenezi polowa m'mayiko a European Union kuchokera kunja. Ndi zoletsedwa. Ufa wa chimanga mungaufune m'masitolo a ku Guillotière.
- Malo odyera achikhalidwe cha ku Lyon, otchedwa bouchons, amaphika kwambiri nyama ya nkhumba ndi zam'kati. Amene simudya nkhumba funsani musanaitanitse.
- M'nyumba zosanja phokoso limamveka kwa anansi. Ikakwana 10 koloko usiku chepetsani mawu, wailesi ndi kuthamanga kwa ana.
- Sungani bwino chikwama ndi foni m'sitima ndi m'malo odzaza anthu.
- Sungani nambala izi: 112 pa ngozi iliyonse, 15 kuchipatala, 17 kupolisi, 18 kwa ozimitsa moto.

Zolakwa zimene ambiri amachita

1. Kuvomera chifukwa cha zithunzi. Zithunzi sizionetsa masitepe, kutentha kapena phokoso la usiku.
2. Kuumirira kukhala m'dera lakale penipeni. Kuchokera tsidya la kum'mawa mungafike ku Vieux Lyon pa mphindi zochepa ndi sitima ya D, n'kubwerera kukagona pa malo abata.
3. Kunyamula masutikesi aakulu. Matayala ake amavutika pa misewu yamiyala, ndipo mudzawasenza pamasitepe nokha.
4. Kufika Lamlungu madzulo opanda chakudya. Masitolo ambiri amakhala otseka. Pemphani anzanuwo akusiyireni buledi, mkaka ndi tiyi, inunso muwachitire chimodzimodzi.
5. Kufuna chakudya chamasana 3 koloko. Malo ambiri odyera amapereka nkhomaliro kuyambira 12 mpaka 2 koloko, n'kutsegulanso cha m'ma 7 madzulo.
6. Kuiwala moni. Mukalowa m'sitolo kapena mukakumana ndi mnansi pamasitepe, yambani ndi bonjour, ndipo pochoka nenani merci. Moni ndi wofunika kumeneko monga alili kwathu.
7. Kusakaniza zinyalala. Mapepala, zitini ndi mapulasitiki zili ndi bini imodzi ya chivindikiro chachikasu, ndipo mabotolo agalasi amakatayidwa m'mabini apadera a mumsewu.
8. Kuitana achibale kuti adzagone nawo osauza eni nyumba. Chiwerengero chimene munagwirizana ndi chomwecho. Ngati m'bale wanu wa ku Paris kapena ku Brussels akufuna kudzacheza, pemphani kaye.
9. Kubisa zovuta za nyumba yanu. Alendo akakhumudwa amalemba ndemanga, ndipo mabanja ena sadzafunanso kusinthana nanu.
10. Kuchoka osakonza m'nyumba. Sesani, kolopani, chapani zofunda monga munagwirizana, bwezerani zimene mwamaliza m'khitchini, ndipo siyani kakalata kothokoza.

Chigamulo: Lyon akuyenera ndani?

Vomerani ngati zambiri mwa izi zili zoona kwa inu:

- banja lonse limatha kuyenda pansi ola limodzi kapena awiri popanda vuto;
- mumakonda mbiri, misika, zakudya ndi malo opembedzera akale;
- mukhala sabata imodzi kapena kuposerapo;
- nyumba ili pafupi ndi siteshoni, ndipo masitepe ake mwawadziwa kuchuluka kwake;
- mwezi wa ulendo si wotentha kwambiri, kapena nyumbayo ili ndi njira yoziziritsira;
- viza yatuluka kapena nthawi yoipempha ilipo yokwanira.

Kanani mwaulemu, kapena funani nyumba ina, ngati:

- muli ndi agogo, khanda kapena wodwala, ndipo fulatiyo ili pamwamba popanda chikepe;
- ulendo ndi wa mu Ogasiti ndipo fulatiyo ili pansi pa denga;
- mukufuna tchuthi cha panyanja kapena cha kumudzi kwa phee;
- eni nyumba akuzemba mafunso anu;
- ndalama zimene muli nazo sizingakwane hotelo zinthu zitasintha.

Kwa banja la ana aang'ono kapena lokhala ndi achikulire, nyumba ya tsidya la kum'mawa kwa Rhône kapena ya pamwamba pa Croix-Rousse pafupi ndi siteshoni ndiyo yoyenera. Vieux Lyon ndi mbali zotsetsereka za Croix-Rousse zimayenera anthu awiri amphamvu, a katundu wochepa, osadandaula ndi phokoso. Yambani kufunafuna kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, lemberani mabanja angapo, ndipo musagule tikiti mafunso a m'kabuku kano asanayankhidwe.